Bezi yopanda fret siimveka pabwalo popanda nkhoswe

INSACA, Mecanhelas — Oimba a m'boma lino, kaya ndi a m'makwaya a mipingo kaya ndi a timagulu ta m'midzi ya m'mbali mwa nyanja za Chilwa ndi Chiuta, amakumana ndi vuto limodzi lofanana. Bezi imene imagunda bwino pakhonde, munthu n'kuimva m'chifuwa, imasanduka ngati chitini chopanda kanthu akangoilumikiza ku masipika. Mawu okhuthala amasowa, n'kutsala kukhetekheta kwa zala ndi kulira kwa waya.

Vutoli limakula kwambiri pa bezi zopanda fret, ndiye kuti bezi zimene khosi lake ndi losalala, komanso pa babatoni wopangidwa kumudzi. Mankhwala ake ndi tizipangizo tiwiri tating'ono, kamodzi kotchedwa piezo ndi kena kotchedwa preamp. Ambiri amapeza koyambako, n'kukamata pa chida chawo, koma kachiwiriko sakadziwa n'komwe. Apa ndi pamene pagona nkhani.

Ndalama za paukwati

Nkhaniyi ikukhudza thumba. Pamaukwati, pazinamwali, pamisonkhano ya mipingo ndiponso pa zikondwerero za pa 25 Juni ndi 4 Okutobala, mwini mwambo amafuna nyimbo zimene zimveke mpaka kuseri kwa bwalo. Mnyamata wokhala ndi masipika awiri akuluakulu, batire ya galimoto ndi foni yodzaza nyimbo amakwanitsa zimenezi ali yekha. Gulu la anthu anayi kapena asanu, limene likufuna chakudya ndi malipiro, liyenera kusonyeza kuti lili ndi chimene foni ilibe.

Pa gulu lililonse, chimene chimadzutsa anthu pampando ndi bezi pamodzi ndi ng'oma. Bezi ikapanda kumveka, ovina amakhala pansi, ndipo chaka chamawa mwini ukwati wina amaitana wa masipika uja. Ku mipingo nkhani yake ndi ina. Kawirikawiri bezi imakhala imodzi yokha, yogulidwa ndi chopereka cha akhristu, ndipo mmisiri akaiboola molakwika palibe ndalama yogulira ina.

Inabwera ndi kwela

Bezi yopanda fret si yachilendo kuno. M'zaka za m'ma 1950 nyimbo za kwela zinatchuka m'mizinda ya ku South Africa, ndipo anthu amene ankapita kukagwira ntchito ku Joni ndi ku Salisbury, kumene lero ndi Harare, anabwera nazo kumudzi. Gulu la kwela linkakhala ndi chitoliro chachitsulo, gitala, ndi bezi ya chingwe chimodzi yopangidwa ndi bokosi ndi ndodo. Woimba akakoka ndodo, chingwe chimakungika ndipo mawu amakwera. Akalekerera, mawu amatsika.

Ku Malawi amene anatchuka kwambiri ndi nyimbozi ndi malemu Daniel Kachamba ndi mng'ono wawo Donald, a ku Chileka. Mu 1967 katswiri wofufuza za nyimbo wa ku Austria, a Gerhard Kubik, anawapeza akuimba ku Blantyre ndipo anayamba kujambula nyimbo zawo. A Daniel anamwalira mu 1987, a Donald mu 2001, koma bezi ya chingwe chimodzi ija sinafe nawo.

Babatoni wa masiku ano ndi wamkulu kuposa wa nthawi ya kwela. Thupi lake ndi bokosi kapena ng'oma yokutidwa ndi chikopa cha ng'ombe, khosi lake ndi mtengo wautali, ndipo nsambo yake nthawi zambiri ndi waya wochotsa m'tayala lakutha. A Gasper Nali a ku Nkhata Bay anatchuka ndi babatoni wotalika pafupifupi mamita 3, amene amamumenya ndi kamtengo uku akutsetsereka pa waya ndi botolo. A Yobu Maligwa a gulu la Madalitso Band, limene linayambira m'misewu ya ku Lilongwe pamodzi ndi a Yosefe Kalekeni, anafika ndi babatoni wawo pa chikondwerero cha Sauti za Busara ku Zanzibar mu 2017. Mu 2019 kampani ya Bongo Joe ya ku Geneva inatulutsa chimbale chawo chotchedwa Wasalala.

Nyimbo za kutsidya kwa malire sizinasowepo njira yofikira ku Mecanhelas. Njanji yolumikiza Entre Lagos ndi Nayuchi inatsegulidwa mu 1970. Wailesi ya MBC imamveka m'midzi ya m'malire. Pa nthawi ya nkhondo dziko la Malawi linasunga anthu a ku Moçambique oposa 1 miliyoni, ndipo mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, obwerera kwawo anabwera ndi mabanjo, nyimbo ndi luso losema zida. M'chigawo chomwechi cha Niassa, gulu la Massukos linayamba ku Lichinga mu 1994 ndipo linaimba mpaka ku Ulaya. Mtsogoleri wake, a Feliciano dos Santos, analandira mphotho ya Goldman mu 2008 chifukwa chophunzitsa anthu za ukhondo ndi madzi abwino kudzera m'nyimbo.

Fret ndi chiyani

Fret ndi tizitsulo topingasa timene timakhomedwa pa khosi la gitala. Woimba akadina nsambo, imatsamira pa kachitsuloko ndipo mawu amatuluka olondola ngakhale chala chitaphonya pang'ono. Pamene a Leo Fender a ku America anatulutsa bezi yawo yamagetsi mu 1951, anaitcha Precision Bass pofuna kunena kuti mawu ake ndi olondola, popeza bezi yaikulu yoimirira imene inalipo kale inalibe tizitsuloti.

Sipanapite nthawi yaitali, oimba ena anayamba kulakalaka khosi losalala lija. Kampani ya Ampeg inayamba kugulitsa bezi yamagetsi yopanda fret mu 1966. A Jaco Pastorius, amene ankaimba m'gulu la Weather Report, anazula fret pa bezi yawo ya Fender Jazz Bass ya 1962, n'kupaka khosi lonse utomoni wolimba wopakira mabwato kuti nsambo zisadye mtengo. Kuno kummwera kwa Africa, a Bakithi Kumalo a ku South Africa anamveka padziko lonse mu 1986 poimba bezi yopanda fret pa chimbale cha Graceland cha a Paul Simon.

Chimene oimbawa ankafuna ndi chomwe wa babatoni amachidziwa kale. Popanda fret, chala chimakanikiza nsambo pa mtengo weniweniwo, ndipo chimatha kutsetsereka kuchoka pa mawu ena kupita pa ena osadukiza, monga momwe amachitira munthu poimba nyimbo ya maliro kapena ya pamtondo. Mawu amayamba mofewa, kenaka n'kufufuma. Kukoma kumeneku mbali yake yaikulu kumachokera mu mtengo ndi m'chala, ndipo pa babatoni kumachokera m'chikopa. Choncho funso ndi lakuti, kodi kachipangizo kotola mawu kakumva mtengo ndi chikopacho?

Makutu a mitundu iwiri

Kachipangizo kotola mawu pa gitala amakatcha pickup. Ndi khutu la gitalayo, ndipo makutuwa alipo a mitundu iwiri.

Mtundu woyamba ndi wa maginito, umene umapezeka pa bezi zambiri za m'sitolo. Unayamba kugwira ntchito kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930, pa magitala amene a George Beauchamp anapanga ndi kampani ya Rickenbacker. M'kati mwake muli maginito okulungidwa ndi waya wa kopa wopyapyala ngati tsitsi, wozungulira kambirimbiri. Nsambo yachitsulo ikagwedezeka pamwamba pake, mu wayamo mumabadwa magetsi ochepa amene ampulifaya imawakuza. Khutu limeneli limamva chitsulo chokha. Chingwe cha nayiloni chowedzera nsomba, chimene ana a m'mbali mwa nyanja amamanga pa mabanjo awo, silichimva ngakhale pang'ono. Chikopa cha ng'ombe silichimvanso.

Mtundu wachiwiri ndi piezo. Mu 1880 anthu awiri apachibale a ku France, a Jacques ndi a Pierre Curie, anapeza kuti miyala ina yonga quartz imatulutsa magetsi ikafinyidwa. Dzina lakuti piezo linachokera ku mawu a Chigiriki otanthauza kufinya. Aliyense amene anayatsapo laita yongodina, yopanda kagudumu, anagwiritsapo ntchito nzeru imeneyi: kanyundo ka m'katimo kamamenya kamwala, ndipo kamwalako kamatulutsa moto wa magetsi.

Piezo yoika pa chida choimbira imaoneka ngati ndalama yachitsulo yopyapyala. Pansi pake ndi pa mkuwa, pamwamba pali kabwalo koyera kophikidwa ngati dothi la mbale. Imapezeka m'mawotchi olira, m'matelefoni akale a m'nyumba, m'tizipangizo tolira ta m'makina osiyanasiyana ndi m'timasipika tating'ono ta mawu opyapyala ta m'mawailesi otsika mtengo. Amisiri okonza mawailesi pamsika amataya zambiri zotere osadziwa ntchito yake ina. Ikamatidwa pa mtengo kapena pa chikopa, kunjenjemera kulikonse kumaifinya ndipo imatulutsa magetsi otsatira mawuwo. Ilibe nazo kanthu kuti nsambo ndi yachitsulo, ya nayiloni kapena ya khonje.

Chidebe chobooka

Nanga n'chifukwa chiyani piezo imene imamva zonsezi imatulutsa mawu opyapyala chonchi? Yankho lake lili pa kuchepa kwa magetsi ake.

Piezo ili ngati munthu wothira madzi m'chidebe ndi kapu yaing'ono. Polowera pa mikisa kapena pa sipika ya magetsi pali ngati chiboo pansi pa chidebecho. Munthuyo akamathira mofulumira, madzi amakwera ngakhale chiboo chilipo. Akamathira pang'onopang'ono, madzi amatha kudontha asanaunjikane. Mawu opyapyala amanjenjemera mofulumira, choncho amadutsa. Mawu okhuthala amanjenjemera pang'onopang'ono, choncho amatayikira pa chiboo.

Manambala ake ndi awa. Nsambo yaikulu ya bezi ya nsambo zinayi, imene amaitcha E, imanjenjemera ka 41 pa sekondi. Zotsatira zake zimanjenjemera ka 55, ka 73 ndi ka 98. Kukula kwa chiboo chija amakuyeza m'ma ohm, ndipo nambala ikakhala yaing'ono ndiye kuti chiboo ndi chachikulu. Polowera pa mikisa zambiri pali ma ohm pafupifupi 10,000, ndipo polowera maikolofoni pamachepera pamenepo. Piezo ya mamilimita 27, imene imapezeka kawirikawiri, ikalumikizidwa pa ma ohm 10,000 imayamba kutaya mawu onse onjenjemera mochepera ka 800 pa sekondi. Nsambo zonse zinayi za bezi zili pansi pa nambala imeneyi. Pa nsambo ya E, mphamvu imene imafika ku sipika ndi gawo limodzi lokha mwa magawo pafupifupi 20.

Woimba akaona kuti bezi sikumveka amakweza voliyumu. Zimene zimakwera ndi phokoso la zala, kugogoda kwa thupi la chida ndi kulira kwa nzwii kwa masipika. Ena amafika poganiza kuti sipika yaphulika, kapena kuti mmisiri anawagulitsa piezo yabodza, pamene zonse ziwiri zili bwinobwino.

Piezo yomweyo ikalumikizidwa pa ma ohm 1 miliyoni, malire aja amatsika kuchoka pa 800 kufika pa 8, ndipo mawu onse a bezi amadutsa. Ampulifaya yeniyeni ya gitala nthawi zambiri imakhala ndi polowera potere, n'chifukwa chake chida chomwecho chimatha kumveka bwino kwa mnzako ku Cuamba koma n'kukana pa masipika a paukwati. Tipiezo tating'ono kwambiri, tonga timene timaikidwa pansi pa nsambo iliyonse payokha, timafuna ma ohm ochuluka kuposa apo, mpaka 5 kapena 10 miliyoni.

Ntchito ya nkhoswe

Apa ndi pamene preamp imalowa. Anthu ambiri amaganiza kuti ntchito yake ndi kukuza mawu, koma piezo si yaulesi pa nkhani ya kukuwa. Ntchito yaikulu ya preamp ndi ya unkhoswe. Kumbali ya piezo imalandira mawu popanda kuikama magetsi. Kumbali ya mikisa imapereka mawu omwewo ndi mphamvu yochokera mu batire yake. Mbali ziwiri zimene sizikanamvana zokha zimamvana kudzera mwa iyo.

Preamp yosavuta siifuna zinthu zambiri. Pamafunika transistor imodzi ya mtundu wa JFET, ma resistor atatu kapena anayi, ma capacitor awiri ndi batire ya 9 volt, ija ya makona anayi yokhala ndi mabatani awiri pamutu. Manambala a transistor odziwika pa ntchitoyi ndi 2N5457, J201 ndi MPF102. Kachipangizo ka TL072, kamene kamapezeka m'mikisa ndi m'maampulifaya akufa, kamagwiranso ntchitoyi, ngakhale kamadya batire mofulumirako. M'kati mwa timaikolofoni tating'ono ta m'mawailesi a kaseti ndi ta m'mahedifoni mulinso JFET, ndipo mmisiri wa dzanja lodekha amatha kuichotsa.

Pa zonsezi chofunika kwambiri ndi resistor ya polowera, imene imalumikiza mwendo wolandira mawu wa transistor ndi waya wa earth. Imeneyi ndiyo imatseka chiboo cha chidebe. Iyenera kukhala ya ma ohm 1 miliyoni kapena kupitirira. Mmisiri akaikapo yaing'ono chifukwa ndi imene ili pafupi m'bokosi mwake, preamp imayaka ndithu koma bezi imakhalabe yoonda.

Preamp iyenera kukhala pafupi ndi piezo, m'kati mwa chida kapena pa lamba wa woimba. Waya wa pakati pa ziwirizi ukhale waufupi ndiponso wa mtundu wokhala ndi ukonde wachitsulo kuzungulira waya wapakati, wonga wa maikolofoni. Waya wapakati amauwotcherera pa kabwalo koyera, ukonde pa mkuwa. Waya wamba wa nyale umatola kung'ung'udza kwa jenereta ndi kwa invetala. Kuchokera pa preamp kupita ku mikisa, waya utha kutalika popanda vuto.

Powotcherera pa kabwalo koyera pamafunika changu. Chitsulo chowotcherera chikakhalitsa, siliva wopakidwa pamwambapo amasupuka ndipo piezo yatha ntchito. Ndi bwino kuyamba wapaka mtovu ku waya, kenaka n'kungokhudza kamodzi.

Pa bezi ya m'sitolo

Kwa amene ali ndi bezi yamagetsi yopanda fret, kaya inabwera choncho kaya fret zake zinazulidwa zitadyeka, njira zilipo zitatu.

Njira yoyamba ndi kugula chotsamira nsambo chatsopano, chimene chili kale ndi piezo pansi pa nsambo iliyonse. Makampani onga Graph Tech a ku Canada ndi Fishman a ku America amapanga zida za mtundu umenewu. Mawu ake amatuluka ofanana pa nsambo zonse, koma n'zodula ndipo ziyenera kuitanitsidwa kutali.

Njira yachiwiri ndi kuika piezo ya ngati ndalama ija pansi pa chotsamira nsambo chimene chilipo kale. Mmisiri amamasula nsambo, n'kuchotsa chitsulocho, n'kusema kadzenje kosaya pa mtengo kuti piezo ikhale mokhudza mtengo ndi chitsulo chomwe. Pansi pa chitsulocho pamakhala kale kawaya ka earth kochokera ku chipinda cha mavoliyumu. Kaboo ka wayayo kangathe kudutsanso waya wa piezo, koma kawaya ka earth kasachotsedwe, ndipo kabwalo koyera kaphimbidwe ndi tepi kuti kasakhudze chitsulo. Pomanga masikuluwu asalimbitse mopitirira, chifukwa kabwalo koyera kamasweka ngati mbale.

Njira yachitatu, imene iyenera kukhala yoyambirira kwa aliyense, ndi kungomata piezo ndi tepi pa thupi la bezi pafupi ndi chotsamira nsambo, preamp ili panja m'kachitini. Woimba ayese kwa sabata imodzi kapena ziwiri. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Dzenje likasemedwa pa bezi ya mpingo silingabwezedwe.

Cholakwika chimene chimachitika kawirikawiri ndi kulumikiza waya wa piezo pa voliyumu imodzi ndi pickup ya maginito. Waya wokulungidwa wa m'maginitomo umakhala chiboo china chachikulu, ndipo umameza mawu okhuthala a piezo. Khutu lililonse liyende njira yake, ndipo akumane piezo itadutsa kale mu preamp. Pokumanirapo paikidwe voliyumu yosakaniza, kuti woimba azisankha kuchuluka kwa mawu a nsambo ndi a mtengo. Ngati makutu onse awiri atatsegulidwa bezi n'kuonda m'malo monenepa, ndiye kuti akukokerana, wina akukankha pamene mnzake akukoka. Kusinthanitsa mawaya awiri a pickup ya maginito kumathetsa zimenezi.

Piezo imamva zonse, zabwino ndi zoipa zomwe. Imamva chala chikamakwecha nsambo, imamva batani la malaya likagunda thupi la bezi. Nsambo zosalala, zimene kunja kwake kulibe mizere, zimachepetsa phokosoli ndiponso sizidya khosi lopanda fret. Capacitor yaing'ono yoikidwa pambuyo pa preamp imachepetsa kuthwa kwa mawu apamwamba.

Pa babatoni

Wa babatoni ali ndi mwayi woti saopa kuboola chida chodula, koma ali ndi vuto lake. Pakati pa chikopa ndi pamene pamagwedezeka kwambiri, ndipo ambiri amathamangira kumata piezo pamenepo. Zotsatira zake ndi mawu osweka, chifukwa piezo yomenyedwa mwamphamvu imatulutsa magetsi oposa amene preamp ingalandire. Chikopa chimamvanso mawu ochokera ku masipika n'kuwabwezera, ndipo kulira kwa nzwii kumayamba.

Malo abwino amapezeka poyesa: pafupi ndi phazi la kamtengo kotsamira waya, cha m'mphepete mwa chikopa, kapena m'kati mwa bokosi pa thabwa. Kachidutswa ka chubu cha njinga pakati pa piezo ndi chikopa kamafewetsa kugogoda. Poyesa pakhale anthu awiri, wina akuimba, wina ataima patali pamene ovina adzaime, popeza woimba amamva chida chake chenicheni ndipo sangadziwe chimene sipika ikutulutsa. Malo akapezeka ndi pamene guluu angagwiritsidwe ntchito.

Preamp ikhale m'chitini chachitsulo, kaya cha polishi wa nsapato kaya cha nsomba, ndipo chitinicho chilumikizidwe ku earth kuti chitchinge phokoso la magetsi. M'dera la madambo ndi nyanja ngati lino chinyezi chimadya mkuwa ndi mtovu, makamaka m'miyezi ya mvula, choncho piezo ndi powotcherera pake ziphimbidwe ndi guluu wolimba. Pabwalo, masipika aime kutsogolo kwa woimba atayang'ana kwa anthu.

Batire ndi moyo wa woimba

Preamp ya JFET imodzi imadya magetsi ochepa kwambiri, kotero kuti batire yabwino ya 9 volt imatha kugwira ntchito maola mazana angapo. Chimene chimaipha msanga ndi kuisiya yoyaka usiku ndi usana. Amisiri amathetsa zimenezi poika soketi ya miyendo itatu m'malo mwa ya miyendo iwiri, n'kulumikiza waya wakuda wa batire ku mwendo wachitatuwo. Pulagi ya gitala ikalowa preamp imayaka, ikazulidwa imazima. Woimba angokumbukira kuzula waya akamaliza. Batire ikayamba kufooka mawu amayamba kusweka pa nsambo zazikulu, choncho yapadera isasowe m'thumba tsiku la ukwati. Tchaja cha foni sichiyenera kulowa m'malo mwa batire, chifukwa chimabweretsa kulira kwake m'masipika.

Pali chenjezo lina lalikulu kuposa onsewa. Nsambo za bezi yamagetsi zimalumikizana ndi thupi la ampulifaya kudzera mu waya wa earth. Ampulifaya yowonongeka, yolumikizidwa ku jenereta kapena ku magetsi a m'nyumba, itha kutumiza magetsi akupha ku nsambo. Woimba amene akumva kunyerenyetsa m'zala kapena pamilomo akayandikira maikolofoni asiye pomwepo mpaka mmisiri aone. Asaimbe wopanda nsapato pa dothi lonyowa.

Owerenga adziwenso kuti preamp siingapatse sipika yaing'ono mphamvu imene ilibe. Mawu onjenjemera ka 41 pa sekondi amafuna sipika yaikulu, ya mainchesi 12 kapena 15, yokhala m'bokosi lolimba. Kuyesera bezi pa kawailesi ka m'manja n'kudzinamiza.

Mpata kwa amisiri a pamsika

Luso lofunika pa ntchito yonseyi lilipo kale ku Insaca ndi ku Entre Lagos. Mmisiri amene amasintha transistor ya wailesi kapena kuwotcherera soketi ya foni angathe kumanga preamp pa tsiku limodzi, ndipo mbali ina ya zipangizo zake ili mu mulu wa mawailesi akufa pansi pa tebulo lake. Osema mabanjo ndi ababatoni aliponso m'midzi. Awiriwa kawirikawiri sakumana, ndipo mutu umodzi susenza denga.

Atsogoleri a makwaya ndi a magulu oimba amene akuganiza zoika piezo angayambe ndi kuyesa kosavuta asanapereke ndalama kapena kulola kuti chida chibooledwe. Mmisiri amate piezo ndi tepi, ailumikize ku masipika amene gululo limagwiritsa ntchito, woimba n'kugunda nsambo yaikulu. Kenaka aike preamp pakati, woimba n'kugundanso nsambo yomweyo, voliyumu ili pamene inali. Ngati amene aima kumapeto kwa bwalo sakumva kusiyana, resistor ya polowera iyezedwe mmisiriyo asanalandire malipiro ake.